Mawere nawo amamwa madzi, tisamangowataya kumtunda

Chichitikireni ng'amba ya 2024 ija nkhani ya mawere ndi mchewere yabwereranso pakamwa pa anthu. Pawailesi, m'magulupu a WhatsApp, olo mu minibasi yopita ku Mitundu umangomva wina akuti chimanga chatitopetsa, tiyeni tibwerere ku mbewu za makolo, zija sizifuna mvula. Zobwerera ku mbewu za makolozo ine ndikugwirizana nazo ndi mtima wonse. Koma zoti sizifuna mvulazi nde zimandiwawa, chifukwa ndi mawu amenewa amene akupangitsa anthu kukawaza mawere pa kamtunda kouma gwa, kotsetsereka, kopanda manyowa, nkuchokapo osabweranso mpaka nthawi yokolola, kenako akapeza tingala tochepa ayamba kunena kuti mbewuyi ndi yopanda phindu. Mawere amapirira, shuwa, koma amamwa madzi, ndipo madziwo amayenera kuwapeza m'nthaka pa tsiku lomwe kumwamba kwayera mbee.

Chaka chimenecho ndi chija cha El Niño, mvula inadula mu Febuluwale chimanga chikumasula, pofika Malichi a Chakwera analengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 a dziko lino ali pa ngozi. Mu 2016 zinalinso choncho. Amene tili ndi minda kunja kwa tauni tinazionera tokha, masamba a chimanga akupindika dzuwa lisanafike nkomwe pamutu. Munda wathu uli kuseri kwa Mitundu, amayi ndi amene amakhala komweko, ine ndimapitako kumapeto a sabata ndi nthawi ya tchuthi. Mawere amayi sanawasiyepo chikhalire, chaka ndi chaka amalima kandime kawo chifukwa cha chimera cha thobwa, ndipo zambiri zomwe ndilembe apa ndazionera pa kandime kameneko.

Tisasakanize mbewuzi kaye. Mchewere, uja wa ngala imodzi yayitali womwe amalima kwambiri ku Chikwawa ndi ku Nsanje, ndiye katswiri weniweni wa chilala, mizu yake imalowa pansi kwambiri, umakonda dothi la mchenga, ndipo mitundu yocha msanga miyezi itatu basi yatha. Ku Niger ndi maiko ena a m'mphepete mwa chipululu cha Sahara anthu amadalira mchewere m'madera omwe mvula ya chaka chonse imangokwana mamilimita 300 kapena 400. Mawere, omwe kuno timawadziwira ku thobwa ndi ku mowa wa masese koma ku Chitipa, Karonga ndi Mzimba amalimidwa kwambiri, amafunako mvula yochulukirapo, kuyambira cha m'ma 500 kupita mtsogolo, komanso amakhalitsa m'munda, miyezi inayi olo kuposerapo kutengera mtundu. Ndekuti wolima mawere kuno ng'amba ya mu Januwale kapena Febuluwale sangaizembe, idzamupeza mbewu ili m'munda, funso nlakuti idzapeza nthaka ili ndi chani mkati.

Chomwe chimandidabwitsa nchakuti ife ku Lilongwe kuno mvula sikuti imatichepera kwenikweni. Chaka chabwinobwino timalandira mamilimita cha m'ma 800 kapena 900, kuwirikiza kawiri mvula yomwe mlimi wa ku Niger amadyetsa nayo banja lake. Tangowerengani nane. Mvula ya milimita imodzi ndi lita imodzi ya madzi pa kamalo ka mita imodzi mulitali, mita imodzi mulifupi. Ekala imodzi ili ndi timalo totere topitirira 4,000. Nde mvula ya mamilimita 20, ija imangogwa masana amodzi mu Disembala anthu nkubisala pakhonde la golosale, imathira malita 80,000 pa ekala, amenewo ndi madiramu 400 aja a malita 200. Palibe mlimi angatunge madzi amenewo ndi khasu lake ndi ndowa yake, amabwera aulere. Koma kaimeni pa mlatho wa mtsinje wa Lilongwe pafupi ndi msika mvula ikangokata, muone madzi ofiira piriwiri akudutsa. Madiramu athu aja ndi amenewo, atanyamulanso dothi lapamwamba lomwe ndi lachonde, ndipo madzi akatayika saoleka.

Dothi lathu la katondo likakhala pambalambanda, madontho akuluakulu a mvula yoyamba amalimenya, timibulu ta dothi nkuphwanyika, pamwamba nkumatana, dzuwa likawomba pamauma gwa. Mvula yotsatira ikabwera madzi salowanso, amangoyenda pamwamba kufuna kotsika. Ochepa omwe alowa dzuwa la Disembala limawakoka, otsala udzu umagawana ndi mbewu. Ntchito yonse yosunga chinyontho yagona pamenepa, kuimitsa madzi pomwe agwera, kuwatsegulira njira yolowera pansi, ndi kuwabisa kuti dzuwa lisawaone. Ndipo pafupifupi yonse imagwiridwa mu Ogasiti, Seputembala ndi Okutobala, osati ng'amba itayamba kale. Ikayamba palibenso chomwe ungapange koma kuyang'ana kumwamba.

Poyambira ndi momwe mizere yagonera. Yendani mseu wa ku Bunda kapena wa ku Nsaru muone minda ingati yomwe mizere yake yaloza kumunsi, chifukwa choti mwini wake anangotsata malire kapena anthu aganyu anaona kuti kulima motsetsereka nkosavuta. Mzere uliwonse wotero ndi ngalande yotulutsira madzi m'munda. Akalozera amathetsa zimenezi ndipo safuna ndalama. Umamanga mitengo itatu mooneka ngati chilembo A, pamwamba nkumangirira chingwe chokhala ndi mwala, umayenda nacho mopingasa munda, pomwe chingwe chagwera pakati ndekuti miyendo iwiri ija yaima pa levulo imodzi, nkukhoma chikhomo. Zikhomozo zimakupatsa mzere waukulu wa kalozera, mizere ina yonse imatsata umenewo olo ukhote bwanji. Pa kalozerapo dzalani vetiva, udzu uja wogwira nthaka, mizu yake imalowa pansi molunjika, salanda munda, ndipo akakula mumamumweta nkuphimbira naye. Alangizi ambiri amadziwa kopezeka mbewu yake, afunseni, ndi ntchito yawo.

Koma chomwe ine ndimachikhulupirira kwambiri ndi ngonyeka. Mukamaliza kuunga mizere mumalowa m'khwawa ndi khasu, mukayenda mamita awiri kapena kuposerapo pang'ono mumakokera dothi nkutseka khwawalo, muyendenso mutsekenso, ndipo khwawa loyandikana nalo mumatseka mosemphanitsa kuti zotsekazo zisayang'anizane. Chinsinsi chake nchoti chotsekacho chikhale chofupikirapo kuposa mzere, mwina theka lake kapena kuposa pang'ono, kuti mvula ikachuluka madzi asefukire m'bokosi lotsatira m'malo modula mzere nkuyambitsa chigwembe. Ntchito yake ndi yochepa poyerekeza ndi kuunga mizere koma anthu ambiri amaidumpha, amati tatopa. Mvula ikagwa yamphamvu kaoneni munda wa ngonyeka, timadamu tating'onoting'ono tili mbuu munda wonse, palibe dontho lomwe likutuluka kumalire, pofika mmawa mwake madzi onse amira, pansi pa bokosi patsala timatope tosalala ndi tizinyalala tomwe tikadapita kumtsinje. Tsiku lina mdzukulu wawo wa amayi ankafuna kuboola bokosi lina ndi ndodo kuti aone madzi akuyenda, amayi anamukalipira ali patali, "Iwe, tasiya! Madzi amenewo ndi a mu Febuluwale." Amanena zoona, chinyontho chomwe mbewu imapulumukira pa ng'amba ndi mvula ya mu Disembala ndi Januwale yomwe inaloledwa kulowa pansi. Ife mizere ya mawere timaipanga yotakata pamwamba kuti tidzalepo mizera iwiri, mchewere ndi mapira amadzalidwa pa mzere wamba monga chimanga.

Apa ndichenjeze, ngonyeka si za munda uliwonse kapena sabata iliyonse. Mawere sakonda kuima m'madzi, mchewere nde umadana nazo kwambiri, ukangokhala m'madzi masiku angapo umachita chikasu. Ngati munda wanu ndi wa makande kapena uli mphepete mwa dambo, kapena kwagwa mvumbi wosalekeza madzi osamira tsiku lonse ndi usiku womwe, tengani khasu mukatsegule zotsekazo, mvula ikadula mudzatsekenso. Pokabandira zimaphwanyika, musaiwale kuzibwezeretsa, nthawi imeneyo ndi yomwe zikufunika kwambiri.

Pali vuto lina losaoneka ndi maso. Chaka ndi chaka timagumula mzere wakale nkuunga watsopano pomwe panali khwawa, khasu limafika malo amodzimodzi, nde pansi pake pamapangika nthaka yolimba yomwe madzi amavutika kudutsa, mizunso ikafika pamenepo imakhota nkumayenda chammbali. Zulani phesi limodzi la chimanga m'munda wakalekale muone mizu yake, mupeza yaphwatalala m'malo molowa pansi. Mbewu ya mizu yotero ng'amba ya sabata ziwiri imaigwetsa olo pansi patali pali chinyontho. A bungwe la Tiyeni la ku Mzuzu amaphunzitsa kuswa nthaka imeneyi ndi piki kufika masentimita 30, nkupanga mabedi otakata mita imodzi omwe sapondedwanso. Ndi ntchito yowawa msana, sindinama, koma imagwiridwa kamodzi osati chaka chilichonse, ndipo palibe lamulo loti uswe munda wonse chaka chimodzi. Kandime ka mawere kamakhala kakang'ono kale, ndi malo abwino oyambira.

Pa malo omwe anaguga kwambiri, paja pamamera tiudzu tochepa basi, maenje ndi omwe amathandiza. Ku Burkina Faso kunali mlimi wina dzina lake Yacouba Sawadogo, wa m'chigawo cha Yatenga, amene cha m'ma 1980 chilala chitavuta anatenga njira yamakolo ya maenje yotchedwa zai nkuikonzanso, anakulitsa maenjewo nkumathiramo manyowa nthawi ya chilimwe mvula isanabwere. Anthu ankamuseka poyamba koma malo omwe anali ouma opanda kanthu anabwerera kubereka mchewere ndi mapira mpaka panamera nkhalango, mu 2018 analandira mphotho ya Right Livelihood, wamwalira mu 2023. Dzenje lake si lalikulu, masentimita 20 mpaka 30 kukamwa, kuya kwake 10 mpaka 20, dothi lomwe wakumba umaliunjika kumunsi kwa dzenje kuti madzi ochokera kumtunda agweremo, nkuthiramo manyowa odzadza manja awiri. Chiswe chikabwera kudzadya manyowa chimaboola tinjira pansi, mvula ikagwa madzi amatsata tinjirato. Mchewere umagwirizana nawo kwambiri maenje otere, umadzala njere zingapo nkudzapatulira kusiya ziwiri kapena zitatu. Chomwe ndimakondera maenje nchoti manyowa ochepa omwe uli nawo amapita pomwe pali mbewu penipeni, samwazika munda wonse. Ambiri a ife tili ndi mbuzi zitatu ndi nkhuku zochepa, ngolo khumi za manyowa tizitenga kuti.

Manyowawo anthu amawaona ngati chakudya cha mbewu basi, koma pa nkhani ya chinyontho ndi ofunikanso kwambiri. Dothi lokhala ndi zowolerana limafewa, limamwa madzi msanga ndipo limawasunga nthawi yaitali, makamaka la mchenga lija limangodutsitsa madzi. Bola akhale owola bwino, ndowe zaziwisi zongochotsa m'khola zimawotcha timbewu tating'ono komanso zimabweretsa njere za udzu. Amayi amapanga chimato, amasanjikiza mapesi oduladula, masamba, ndowe ndi phulusa, kuwaza madzi, kenako nkumata mulu wonse ndi dothi, pofika Okutobala mkati mwada bii ndipo mukununkhira dothi la m'nkhalango. Amene ali ndi kafeteleza pang'ono ena amapanga manyowa a Mbeya, kusakaniza ndowe, gaga, phulusa ndi feteleza nkutsekera m'thumba la pulasitiki kwa sabata zitatu. Chimatocho chimafuna uyambe mu Juni kapena Julaye, osati mitambo itayamba kale kuda.

Tsopano kuphimbira. Nthaka yosaphimbira ili ngati mphika wa nyemba wosavundikira, madzi amangouluka iwe nkumadabwa kuti apita kuti. Masana a ng'amba pitani pa munda wophimbira, kankhani mapesi pambali mulowetse chala m'dothi, mupeza mukuzizira, dothi likumatirira ku chala, mwina muonanso nyongolotsi, ndiye muyende mapazi ochepa pa munda wosaphimbira, dothi likuwotcha moti mwana wopanda nsapato sangaimepo, mukakumba ndi fumbi lokhalokha mpaka chala chonse. Mapesi amalandira madontho a mvula nthaka isanamenyedwe, amachedwetsa madzi othamanga, amatchinga dzuwa, udzu umamera wochepa, akawola asanduka manyowa. A ulimi wa mtayakhasu amati nthaka iphimbidwe magawo osachepera atatu mwa magawo khumi, koma mukatha kuposa pamenepo ndi bwino. Ena amaopa chiswe, ife zomwe taona nzoti chiswe chikapeza zouma zambiri pansi chimatanganidwa nazo, mbewu yamoyo chimaigwira kwambiri pa munda woyera pomwe palibe china choti chidye.

Koma pa mawere kuphimbira kuli ndi kavuto kake komwe ambiri olankhula pawailesi sakatchula, chifukwa iwo amaganizira chimanga. Njere ya mawere ndi yaying'ono kwambiri, ilibe mphamvu yoboola mapesi ochindikala kapena dothi lomwe lamatana pamwamba. Mukawaza mwachisawawa pa munda wophimbira zambiri zimakodwa m'mapesi osafika pansi, zina zimamera nkufera mumdima. Mukazikwirira kwambiri sizitulukanso. Nde njira yake ndi kudzala m'mizera. Amayi amakankhira mapesi pambali, amalemba kamzera ndi kamtengo kosazama, kuya kwake osapitirira kachigawo kamodzi ka chala, mbewu amaisakaniza ndi mchenga wouma m'mbale kuti isagwe yothithikana, amatapa ndi zala zitatu nkumayenda chowerama akuwaza m'kamzeramo, kenako amakwirira pang'ono nkutsindira ndi chikhatho kuti njere igundane ndi dothi lonyowa. Mizera imatalikana masentimita 25 kapena 30. Mapesi amakhala pakati pa mizera, mbewu ikafika msinkhu wa chikhatho mpamene amawasendeza pafupi. Kuwaza mwachisawawa nkofulumira, inde, koma kupalira kwake ndi chilango, chifukwa pali udzu wina wofanana ndendende ndi mawere akadali aang'ono, umatha kuzula mbewu nkusiya udzu. M'mizera chilichonse chomwe chamera kunja kwa mzera ukudziwa kuti ndi mdani.

Sabata zitatu zoyambirira ndi zomwe mawere amakhala osalimba, mizu isanapite patali, ndipo kuno mvula imakonda kunamiza, igwa kawiri mu Novembala kenako ikhala chete. Njira ina yomwe imathandiza ndi nazale. Kuno ku Lilongwe nazale sitingaphunzitsane, aliyense anakulira pa fodya. Umafesa mawere pa kabedi kakang'ono pafupi ndi chitsime kapena kudimba, kuthirira ndi kheni, mbande zikakwana sabata zitatu kapena zinayi ndipo mvula yakhazikika umakawokera kumunda madzulo kapena tsiku la mitambo, motalikana masentimita 10 mu mzera. Nthawi yovuta ija mbewu yaidutsira pa kabedi komwe madzi ake ndi ndowa zochepa, ikafika kumunda yatsogola kale kuposa udzu, ndipo munda umatha kuuphimbira mokwanira chifukwa ukudzala mbande osati njere. Mbewu imalowanso yochepa.

Amene akudzala njere mwachindunji asathamangire chizimalupsa. Dikirani mvula yodzalira yeniyeni, kumbani ndi khasu muone ngati chinyontho chalowa kuposa kutalika kwa chikhatho. Koma ikagwa yeniyeniyo musachedwenso, ndipo apa mpomwe mawere amalakwiridwa kwambiri, chifukwa banja lonse limathamangira chimanga, kenako fodya, kenako mtedza ndi soya, mawere amadzakumbukiridwa Khirisimasi itadutsa. Mvula yonse ya Disembala yapita pachabe, ndipo nthawi yomwe adzatulutse ngala ndi kukhwimitsa njere, yomwenso amafuna madzi kwambiri, idzagwera mvula ikutha. Mverani a zanyengo akamalengeza za sizoni, ngati akuti mvula idzadula msanga funani mtundu wocha msanga. Ku Chitedze, pa mseu wa ku Mchinji, ndi komwe kuli akatswiri a boma ofufuza za mbewu pamodzi ndi a ICRISAT omwe ntchito yawo ndi mbewu za kumalo ouma ngati zimenezi.

Udzu ndi wakuba madzi wamkulu, ndipo mawere amakula pang'onopang'ono poyamba moti ukangochedwa kupalira udzu umawakwirira. Palirani udzu ukadali waung'ono, mosazamitsa khasu, kugalauza kwambiri nthawi ya ng'amba ndi kuyanika nthaka. Udzu womwe mwazula ngati ulibe njere ugonekeni pomwepo ukhale chophimbira. Kupatuliranso anthu amakuchitira chisoni, amati mbewu yamera bwino ndiizulirenji, koma mbewu khumi pa malo a mbewu zitatu zimangolimbirana kachinyontho komweko, zonse nkufooka. Zomwe mwapatulazo mukhoza kupakiza pomwe sipanamere. Kaufiti naye amakonda mawere, mchewere ndi mapira monga amakondera chimanga, makamaka pa nthaka yoguga, muzuleni asanachite maluwa ndipo musabwereze mbewuzi pa malo amodzi chaka ndi chaka, sinthanitsani ndi mtedza, soya kapena khobwe.

Za feteleza ndingonena mwachidule poti mtengo wake tonse tikuudziwa. Mawere ndi mchewere safuna wambiri, a ICRISAT anayesa ku maiko ouma njira yothira kochepa kwambiri pa phando, kodzadza kachitsekerero ka botolo, ndipo kamathandiza mizu kukula msanga nkukafika komwe kuli chinyontho. Koma musathire pa dothi louma, mungowotcha mbewu ndi ndalama zomwe.

Mitengo ya nsangu amene muli nayo m'munda chonde musadule. Mtengo umenewu umayoyola masamba nthawi ya dzinja pomwe ina ikuphuka, nde sutchinga dzuwa ku mbewu, masamba ake amagwera pansi nkukhala manyowa, ndipo aliyense amene analimapo pansi pa nsangu amadziwa kuti mbewu ya pamenepo ndi yomaliza kufota. Nandolo nayenso ndi mnzake wabwino wa mawere, mizu yake imapita pansi kwambiri moti salimbirana madzi a pamwamba, imaboola nthaka yolimba ija, masamba ake amayoyokera m'munda. Kuno pakati sitinamuzolowere ngati anzathu a kummwera, chifukwa china ndi mbuzi zomwe zimamasulidwa iye asanakhwime.

Ndipo nkhani ya mbuziyi ndi yomwe imandifikitsa pa chinthu chomwe chimandipweteka mtima. Ukhoza kuchita zonse bwinobwino, kugoneka mapesi mu Meyi munda wonse, koma pofika Ogasiti upeza phulusa lokhalokha. Kwathu zinachitikapo, anyamata osaka mbewa anayatsa moto munda woyandikana nafe, mphepo ya mwera nkuwolotsa, mapesi onse omwe amayi anagoneka ndi msana wawo anapsa masana amodzi, vetiva yemwe. Amayi sanayankhule zambiri, anangoti, "Mwanawe, chaka chino nthaka igona yosafunda." Sindidana ndi mbewa, ndi ndiwo ndipo anyamatawo amapezerapo ya sopo akagulitsa pamseu, koma mbewa zimakumbidwa popanda kutentha munda wa munthu. Kuwonjezera apo ng'ombe ndi mbuzi zimadya mapesi, ena amatuta kukawotchera mabedi a nazale ya fodya, ena kukaphikira poti nkhuni zinasowa. Zonsezi ndi zosowa zenizeni, nchifukwa chake nkhaniyi munthu mmodzi sangaithe. Midzi yomwe kuphimbira kukuyenda ndi yomwe amfumu anaitanitsa anthu nkugwirizana kuti wotentha munda alipa, ndipo ziweto zili ndi kodyera kwake. Ife pakadali pano timalambula m'mphepete mwa munda monse, ndipo mapesi ena timatuta kukasanja pamwamba pa thandala kunyumba nkudzawabweza mu Okutobala. Ndi ntchito iwiri koma bola amafika.

Wina afunsa kuti thukuta lonseli pa mawere eti, phindu lake nchani. Pitani mu msika wa Lilongwe kapena wa ku Area 25 mufunse mtengo wa mawere muyerekeze ndi wa chimanga, mudzayankha nokha. Amayi onse ogulitsa thobwa m'madepoti ndi m'mphepete mwa mseu amafuna chimera tsiku ndi tsiku, pa ukwati ndi pa chiliza thobwa silisowa. Phala la mawere lili ndi calcium, uja wolimbitsa mafupa, wambiri kuposa la chimanga, nlabwino kwa ana ndi amayi oyamwitsa. Ndipo mawere ukawaumitsa bwino amakhala zaka osafumbwa, opanda mankhwala, pomwe chimanga anankafumbwe amachiyamba chisanathe chaka. Bungwe la United Nations linatcha 2023 chaka cha mbewu zimenezi, koma agogo athu sanadikire zimenezo, ankadziwa kuti nkhokwe ya mawere ndi yomwe imatsala chaka cha njala. Sindikunena kuti tisiye chimanga, nsima ya mgaiwa tidyabe. Ndikunena kuti kandime ka mawere kapatsidwe manyowa, ngonyeka ndi tsiku lodzala lofanana ndi mbewu zinazo.

Pokolola timadula ngala zokha ndi kampeni, mapesi amatsala chiimire, amenewo musawatenthe, agonekeni pomwepo, ndi chophimbira cha mbewu yomwe ibwere pamalopo. Chaka chino tagwirizana ndi amayi kuti kumtunda kuja kunaguga tikumbe maenje tiyese mchewere wocha msanga, amalume alonjeza kutibwereka ngolo yotutira manyowa mu Seputembala. Chomwe chikutidetsa nkhawa ndi mbalame, chifukwa munda umodzi wokha wa mchewere m'mudzi monse mpheta zimathera pomwepo, nde tikukambirana ndi mabanja atatu oyandikana nafe kuti tonse tidzale sabata imodzi ndipo tizidzasinthana kuingitsa mbalame ngala zikayamba kukhwima.